Musayambire pa pepala lowamanga amakaniko anu

Bambo, mwafunsa chimene mungachite popeza amakaniko amene mumawaphunzitsa pa galaja yanu amachoka akangoidziwa ntchito, ndipo mukuganiza zowasainitsa pepala lowamanga kwa zaka zitatu. Ine ndakhala ndikuyendetsa shopu ya ukalipentala kwa zaka zambiri, ndipo ndikukupemphani kuti musayambire pamenepo, chifukwa munthu womangidwa amangobweretsa thupi kuntchito, mtima uli kwina.

Mmisiri wanga waluso koposa ndinamutaya ndekha, ndipo nkhaniyi imandipwetekabe mtima. Iyeyu ankati akanyamula thabwa la mlombwa, ankadziwiratu ngati lauma bwino kapena lidzapindika, ndipo makasitomala ankafika pageti akumutchula dzina. Koma nditafuna kapitawo, ndinasankha mwana wa mchemwali wanga, amene anali asanathe ndi chaka chomwe pantchitoyo. Mmisiriyo sanadandaule. Anagwira miyezi iwiri, kenako anandibwezera makiyi a sitolo ndi kunditsanzika mwaulemu. Za ndalama sanatchule n'komwe. Chimene chinamuchotsa n'kuona kuti pamalo pamene chibale chikulamulira, luso lake silidzamufikitsa patali.

Choncho dzifunseni ngati waluso pa galaja yanu amasiyana ndi waulesi pamalipiro, paudindo ndi pa mmene mumamulankhulira. Kasitomala akayamikira injini imene yakonzedwa bwino, muitaneni amene waikonzayo amve yekha mawuwo. Akalakwitsa, mudzudzuleni muli awiri mu ofesi, osati pamaso pa anyamata amene iye akuwaphunzitsa.

Sindikunena kuti ndalama zilibe ntchito. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi, thiransipoti ndi thumba la chimanga zinakwera, ndipo amene sanaonenso malipiro a antchito ake anawatsegulira khomo yekha. Lipirani pa tsiku limene munagwirizana, ngakhale makasitomala akuchedwetseni. Penshoni nayo musaizembe: lamulo limafuna kuti wolemba ntchito aziikapo 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo 5 peresenti, ndipo munthu wapabanja amaiona nkhani imeneyi kuposa mmene ife mabwana timaganizira. Wogwira ntchito masiku 6 pa sabata ayeneranso kulandira tchuthi cha masiku 18 pa chaka.

Mabwana ena amaopa kuthandiza amisiri kupeza satifiketi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, poganiza kuti akaipeza athawa. Zoonadi, ena amapita, koma amene ndinawalipirira maphunziro ndi kuwakweza atabwerako ndi amene ndakhala nawo nthawi yaitali. Ngati mukufunadi pangano lolembedwa, likhale la ndalama za maphunzirowo, ndipo nanunso mulembemo zimene mudzawachitire.

Sabata ino, muitaneni makaniko amene mukuopa kwambiri kumutaya, mukhale naye pansi ntchito ikatha, ndipo mumufunse kumene akufuna kudzafika m'zaka ziwiri zikubwerazi. Mumusiye alankhule mpaka amalize.