Ndalama zokonzera sekondale zakale zimadzera kuti, ndipo tiyambire pati?

Mayi wina wa m'komiti ya makolo pa sekondale ina yoyendera m'boma la Phalombe wandilembera imelo. Akuti: "Timangomva pa wailesi kuti boma laika ndalama zokonzera sukulu za sekondale. Kwathu kuno makalasi awiri akudontha chiwombereni namondwe wa Freddy mu 2023, zimbudzi za atsikana zadzadza, labotale tilibe. Ndalamazi zimafika bwanji pa sukulu ngati yathu? Tidikire, kapena tiyambe kuumba njerwa?"

Zikomo mayi. Yankho lalifupi n'lakuti musadikire, komanso njerwazo musathamangire. Lalitali ndi ili.

Sekondale zathu zinakalamba mosiyana. Pali sukulu ngati Blantyre Secondary ya 1940, Zomba Catholic ya 1942 ndi Dedza ya 1951. Izi zinamangidwa molimba, chazitha ndi zaka komanso kusasamalidwa. Ndiye pali ma CDSS, sekondale zoyendera za m'madera ngati yanuyo, omwe ambiri sanamangidwe n'komwe ngati sekondale. Anali malo ophunzirira a MCDE, koleji ya boma yophunzitsa anthu ali kutali, ndipo boma linawasandutsa sekondale zoyendera mu 1998, ana omwe anakhamukira ku pulayimale yaulere ya 1994 asanafike pomaliza Sitandade 8. Ena anayambira m'makalasi obwereka ku pulayimale, ena m'tchalitchi, ena m'midadada yomwe makolo anamanga ndi dothi. Ana ambiri a sekondale za boma lero ali m'sukulu zimenezi. Choncho nduna ikati "tikonza sukulu zakale", funsani kaye kuti ikunena ziti, chifukwa ku sukulu ina kukonza n'kusintha mapaipi, pomwe kwanuko n'kumanga chomwe sichinamangidwepo.

Ndalama zake zili m'matumba osiyana. Pali ya ORT, yoyendetsera sukulu tsiku ndi tsiku: choko, mapepala, magetsi, madzi. Ikatsalako ndiye ahedi amagula loko kapena galasi la pawindo, koma denga siyingalithe. Pali ya chitukuko ya mu bajeti ya unduna, yomwe imapita ku ntchito zolembedwa kale maina. Kenaka pali ya abwenzi akunja, ndipo kunena zoona makalasi ndi malabotale ambiri atsopano omwe mwaona m'ma CDSS zaka zapitazi achokera kumeneku: pulojekiti ya EQUALS ya World Bank ya 2019, ya ndalama zokwana madola 90 miliyoni, ya SEED ya dziko la America, ya ISEM ya European Union, ndi thandizo la Japan kudzera ku JICA. Mapulojekiti otere amasankhiratu maboma ndi sukulu ntchito isanayambe. Ngati dzina la sukulu yanu mulibe pamndandanda, ngakhale wailesi itchule mabiliyoni angati, simenti sifika.

Komanso ndalama yolembedwa mu bajeti si ndalama yomwe yatuluka ku thumba la boma. Ina imatuluka mochedwa, ina moperewera, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya simenti ndi malata inasiya bajeti zambiri m'mbuyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Kulengeza kwa boma kuti sekondale zake zikhale zaulere kuyambira Januwale 2026 n'kothandiza mabanja osauka, koma kukubweretsa funso lomwe komiti yanu iyenera kufunsa mokweza: ngati makolo sasonkhanso ya chitukuko cha sukulu, yokonzera zowonongeka ichokera kuti, ndipo ndi zingati pa teremu?

Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti dziko lathu limakonda kumanga kuposa kusamala. Mdadada watsopano uli ndi riboni yodula, magule, ndi mwala wolembedwa dzina la wolemekezeka. Kukhoma lata lomwe lazuka kulibe mwambo. Koma taonani mmene kalasi imafera. Msomali umodzi wachita dzimbiri, bowo lakula, madzi ayamba kutsikira pa thabwa la denga. Thabwalo likanyowa dzinja limodzi, chiswe chimalowa. Siling'i imatupa n'kugwa, mileme imapeza pogona, fungo lake mwana sangakhalemo masana. Pulasitala wa khoma amayamba kusendeka, ana amakokera madesiki pakona pouma, makumi asanu ndi limodzi kuunjikana malo a anthu makumi awiri. Mphepo ya mkuntho ikabwera imangonyamula denga lonse, ndiye timati ngozi yachilengedwe, chonsecho inayamba ndi ntchito yomwe kalipentala akanaimaliza tsiku limodzi.

N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi denga, kenaka zimbudzi za atsikana ndi madzi, labotale pambuyo. Ndikudziwa kuti ena pa komitipo akana, chifukwa n'zowawa kuona mwana akukagwira zida za sayansi koyamba pa sukulu ya eni mayeso a MSCE atayandikira. Koma labotale yopanda madzi, mankhwala ndi mphunzitsi wake imasanduka mosungira madesiki othyoka. Pomwe mtsikana wa Fomu 3 wosowa posinthira ali kumwezi amajomba mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku lina osabweranso.

Chochita chake, khalani pansi ndi ahedi mulembe chilichonse chowonongeka, kalasi ndi kalasi, ndi zithunzi za pafoni. Pemphani a zomangamanga ku khonsolo adzayeze ndi kuika mitengo, chifukwa kalata yongoti "sukulu yathu yawonongeka" imagona m'faelo, koma yonena malata angati ndi matabwa angati imayankhika. Kalatayo ipite ku ofesi ya maphunziro ya chigawo cha Shire Highlands ku Mulanje, komwe Phalombe imagwera, ina kwa DC, ina kwa phungu ndi khansala. Muitengerenso ku VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera la mfumu yaikulu, kuti ilowe m'ndondomeko ya chitukuko cha dera, poti thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, ndi lomwe lili pafupi nanu kuposa onse aja. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pempho lifike miyezi ingapo tsikulo lisanakwane.

Za njerwa, kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, amafuna mabuloko a simenti ndi zina zosawononga mitengo. Mukhoza kuvutitsa mudzi wonse ndi uvuni womwe kontirakitala adzaukane. Funsani kaye ku khonsolo chomwe anthu angasonkhe. Kawirikawiri ndi mchenga, miyala ndi madzi.

Ndalama ikadzapezeka, ntchito yanu ndiye yayamba. Pemphani pepala la BOQ, lomwe limaonetsa zipangizo zonse ndi mitengo yake. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, likukulolani kutero. Werengani matumba a simenti akamatsitsidwa. Ngati pepala likuti malata a geji 28, onani kuti sanabweretse opyapyala a geji 32. Pa ntchito za boma pamakhala gawo la malipiro lomwe limasungidwa kwa nthawi kontirakitala atamaliza, kuti chikawonongeka abwere adzakonze ndi ndalama zake. Funsani kuti nthawiyo ikutha liti, ndipo mvula yoyamba ikagwa lowani m'kalasi iliyonse, mulembe podontha ponse, mupereke ku khonsolo tsikulo lisanadutse.