Msonkho unathandiza ku India, koma sunali wokha

Achimwene, mwafunsa ngati kukweza msonkho wa katundu wochokera kunja kumakakamiza makampani akuluakulu kumanga mafakitale m'dzikomo. Tiyeni tione za India. Mu 2018 boma linakweza msonkho wa mafoni olowa m'dziko kufika pa 20 peresenti, ndipo chaka chomwecho Samsung inakuza kwambiri fakitale yake ya mafoni ku Noida, mzinda wa pafupi ndi Delhi. Koma ma iPhone anayamba kupangidwa ochuluka pafupi ndi mzinda wa Chennai, kumwera kwa India, boma litayamba, mu 2020, kupereka ndalama kwa makampani malinga ndi kuchuluka kwa mafoni omwe apanga.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ntchito yambiri m'mafakitalewa ndi yongolumikiza zipangizo za mafoni. Masikirini ambiri ndi ma chip (tizipangizo tating'ono toyendetsa foni) amabwerabe m'makatoni kuchokera ku China, Korea ndi Taiwan.