Kwa achemwali amene mlongo wawo ali m'chitokosi chiyambire Lachisanu

Achemwali, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Mwalemba kuti apolisi anafika kwanu Lachisanu usiku, anavundukula matiresi n'kutenga foni osakuonetsani pepala lililonse, anawomba alongo anu makofi ali kale mu unyolo, ndipo lero Lachitatu akadali m'chitokosi, wina akukuuzani kuti mubwere ndi ndalama ya belo. Mukufunsa ngati zimenezi n'zololedwa.

Yambani mwawerenga maola, chifukwa mphamvu yanu yagona pamenepo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994 aja, limati munthu akamangidwa aziuzidwa chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo azikaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera usiku kapena tsiku loti khoti silikhala, amayenera kupita naye tsiku loyamba limene khoti latsegula. Kwa inu, maola 48 anatha Lamlungu usiku, ndiye kuti Lolemba alongo anu amayenera kuima pamaso pa majisitireti kapena kutulutsidwa. Mawu akuti "tikufufuzabe" sawonjezera ola ngakhale limodzi. Amene angalamule kuti munthu asungidwebe ndi khoti basi.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Chimene amafuna ndi achibale odziwika bwino oti amuimire kuti sathawa. Musapereke ndalama pakhonde. Pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo, mum'fotokozere mwaulemu tsiku ndi ola limene anamangidwa, ndipo mutenge munthu wina woti akamve nawo zimene akuyankheni. Zikakanika, pitani ku Legal Aid Bureau. Ntchito yawo ndi kuthandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo angathe kukapempha khoti kuti litulutse munthuyo.

Za makofizo zandiwawa. Lamulo limalola wapolisi kugwiritsa ntchito mphamvu pomanga munthu, inde, koma pokhapokha munthuyo akulimbalimba kapena akuthawa, ndipo mphamvuyo izikhala yongokwanira kum'gwira. Munthu amene manja ali kumbuyo, wakhala pansi, akulimbana ndi ndani? Kumeneko n'kuzunza, ndipo gawo 19 limaletsa kuzunza munthu mwa mtundu uliwonse, kaya akuganiziridwa mlandu waukulu chotani. Ngakhale mfuti, lamulo la polisi la 2010 limaika malire ake, ndipo wapolisi amayenera kuchenjeza kaye. Ena m'gulu muno alemba kuti "wakuba amaulula akalawa ndodo". Abale anga, kumbukirani Buleya Lule, amene anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019 khoti lisanagamule ngati anali wolakwa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission litafufuza linapeza kuti anazunzidwa, ndipo apolisi angapo anazengedwa mlandu wakupha. Ndodo ija siyiyamba yafunsa ngati yagwera wolakwa.

Pa chipikisheni ndinene mosamala. Gawo 21 limateteza nyumba yanu ndi katundu wanu, ndipo njira yake ndi yakuti apolisi abwere ndi chikalata cha khoti, akuonetseni. Komabe pali nthawi zina zadzidzidzi pamene lamulo limawalola kulowa popanda chikalatacho, monga pofuna kugwira munthu amene akum'saka. Zikatero ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka choti akachifotokoze kukhoti. Choncho musathamangire kunena kuti analakwa pamenepa. M'malo mwake funsani kuti foniyo inalembedwa pati komanso ikusungidwa ndi ndani. Ndipo amayi, dziwani kuti wamkazi amasechedwa m'thupi ndi wamkazi mnzake yekha.

Mukapita ndi chakudya mawa, muli ndi ufulu wowaona. Ayang'anitsitseni kumaso, m'manja momwe munadutsa unyolo, ndi mmene akuyendera. Auzeni kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asasaine kapena kudinda chala papepala limene sanawawerengere. Akatuluka, apite kuchipatala tsiku lomwelo zotupa zisanaphwe, akatenge lipoti. Inuyo usiku uno tengani kope mulembe zonse: ola, nambala ya galimoto, mayina amene munawamva akuitanana, aneba amene anaona. Dandaulo lanu mukalitule ku Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha limene limafufuza apolisi.

Ndikudziwa kuti mantha alipo. Koma Mayeso Gwanda anali wogulitsa majumbo chabe pamene anamangidwa m'bandakucha ku Blantyre pa mlandu wa vakabu, ndipo mu 2017 khoti lalikulu linathetsa ndime ya lamulo imene anam'mangira ija. Amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi anaima nji, ndipo mu 2020 khoti linalamula kuti apepesedwe. Inu lawirirani mawa ndi kope lanu ndi achibale awiri amene ali ndi ziphaso zawo, ndipo mukabwerako mudzatiuze zimene mkulu wa polisiyo wayankha.