Dokotala wa ma Victoria Cross awiri

Mayi wina amene akugwira ntchito ya unamwino ku Liverpool wandilembera imelo. Akuti podutsa pa Abercromby Square anaona chiboliboli cha amuna awiri akuthandiza msilikali wovulala, pansi pake palembedwa dzina loti Noel Chavasse. Funso lawo nali: "Dokotala angalandire bwanji mendulo ya kulimba mtima pankhondo, chonsecho zida zake ndi mabandeji?"

Amayi, zikomo pofunsa. Chavasse anabadwa mu 1884 ku Oxford, ndipo anali mapasa ndi Christopher. Bambo awo anadzakhala bishopu wa Liverpool. Mapasawa anali aliwiro, moti onse awiri anathamanga mpikisano wa mamita 400 pa Olympics ya ku London mu 1908. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, Noel anapita ku France ngati dokotala wa gulu la asilikali a Liverpool Scottish.

Dokotala wa gulu lotere amakhala pamalo olandirira ovulala, n'kumadikira kuti onyamula machira amubweretsere anthu. Kudikirako n'kumene iye kunkamukanika. Pa 9 Ogasiti 1916 ku Guillemont, pankhondo ya ku Somme, anamanga mabala a anthu tsiku lonse pabwalo, zipolopolo zili vuu. Kutada anatulukanso, kukwawa m'matope, kutsatira kubuula kwa ovulala mpaka kufika mayadi 25 kuchokera pa ngalande zimene asilikali a ku Germany ankabisalamo. Iyenso chidutswa cha bomba chinamulasa m'nthiti, koma sanaleke. Anthu pafupifupi 20 ovulala kwambiri anapulumuka chifukwa cha iye. Apa ndi pamene anapezera Victoria Cross yake yoyamba, mendulo yapamwamba kwambiri ya ku Britain ya kulimba mtima pankhondo.

Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi masokosi. M'ngalandezo munkadzaza madzi, asilikali n'kumaola mapazi, nsabwe zili mbwee m'zovala. Chavasse ankalimbana ndi zimenezi: kufunafuna masokosi ouma, kukonza malo osambira madzi otentha, kuyendera mapazi a anyamata ake. Inu anamwino mukudziwa kuti ntchito yotere palibe amaiombera m'manja.

Victoria Cross yachiwiri inabwera ndi imfa. Pa 31 Julaye 1917, tsiku loyamba la nkhondo ya Passchendaele ku Belgium, anavulala m'mutu ku Wieltje. Anakana kuchokapo. Kwa masiku awiri anapitiriza kutola ovulala, wanjala, wotopa, mpaka pa 2 Ogasiti bomba linagwera m'chipinda chapansi chimene ankagwiriramo ntchito n'kumuvulaza pamimba. Anamwalira pa 4 Ogasiti ku Brandhoek ali ndi zaka 32, asanakwatire Gladys amene anali atatomerana naye. Mng'ono wake Aidan anali atasowa kunkhondo komweko mwezi umodzi m'mbuyomo, ndipo mtembo wake sunapezeke.

Anthu atatu okha ndi amene analandirapo mendulo imeneyi kawiri, ndipo awiri mwa iwo ndi madokotala. Winayo ndi Arthur Martin-Leake, amene yoyamba anaipezera ku South Africa mu 1902. Wachitatu ndi Charles Upham wa ku New Zealand. Mu 2009 Lord Ashcroft, mpondamatiki wa ku Britain wosonkhanitsa mamendulo otere, anagula mamendulo a Chavasse pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 1.5 miliyoni, ndalama zimene sindikudziwa kuti mwini wake akanaziona bwanji.

Chavasse Park ili m'tauni mwanu momwemo, pafupi ndi doko. Mukadzapeza tchuthi n'kuwolokera ku Belgium, manda ake ali ku Brandhoek New Military Cemetery, kufupi ndi Ypres. Mwala wake ndi woyera ngati ya anzake onse, kungoti pa wake anazokotapo ma Victoria Cross awiri.