Makilampu ndi mabawuti a power steering pa Benz yakale: enieni ndi ati?

Bambo wina wa ku Highfield mu Harare watilembera imelo. Akudzutsa Mercedes-Benz 280E ya 1982, ija ya mtundu wa W123, imene yakhala pa njerwa zaka zambiri, ndipo akufuna kuti munthu akatsegula boneti apeze zonse monga zinatulukira ku fakitale. Mapayipi a power steering, ija imapepukitsa chiwongolero ndi mphamvu ya mafuta, anali kudontha, iye wawamasula, ndiye pano ali ndi chitini chodzaza makilampu, mabawuti ndi mawasha, ena ochokera pagalimotoyo, ena ogula ku Gazaland ndi mu Kaguvi Street. Akufunsa kuti: "Ndidziwa bwanji zenizeni pakati pa zonsezi? Nanga ndikawapititsa mapayipiwa kwa okonza mapayipi a hydraulic, ndikhala ndawononga chiyambi cha galimotoyi?"

Bambo, dzimbiri si umboni. Galimoto ya 1982 yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri, ndipo kilampu imene wina anaikapo mu 1995 lero ikuoneka yokalamba ngati inzake ya ku fakitale. Chachitsulo chilichonse m'chitinimo muchifunse zinthu zitatu: chalembedwa chiyani, muyeso wake ndi wotani, ndipo kodi chikugwirizana ndi chipsera chimene chinatsala pagalimoto. Zitatuzi zikavomerezana, sungani. Chimodzi chikakana, chiikeni pambali.

Musanafike kumeneko, siyanitsani mapayipi awiriwo, chifukwa zomangira zake n'zosiyana. Payipi yochoka ku pampu kupita ku bokosi la chiwongolero imanyamula mafuta amphamvu, opitirira 60 bar (muyeso wa mphamvu ya mafutawo) mukakhotetsa mpaka kumapeto. Imeneyi ilibe kilampu yomanga ndi sikuludiraiva. Nsonga zake n'zachitsulo, zofinyidwa ndi makina, ndipo zimalowa ndi mazinga. Mukapeza kilampu wamba pamenepo, dziwani kuti wina anangozigamba kuti afike kunyumba. Payipi yobweza mafuta ku thanki ndiyo yopanda mphamvu, ndipo ndi imene imagwidwa ndi makilampu. Kenako pali timabakete ndi timakilampu tokhala ndi labala mkati, timene timagwira mapayipi kuti asakhuze pa injini kapena pa chasisi. Anthu ambiri amatiiwala, koma woidziwa bwino galimotoyi maso ake amayamba kugwera pomwepo.

Tiyambe ndi makilampu a payipi yobweza. Atsukeni m'palafini ndi burashi yofewa ya mkuwa, kenako muwayang'ane padzuwa. Kilampu ya ku Germany ya nthawi imeneyo lamba wake sabooka. Mano amene sikuluwu imaluma anadindidwa pachitsulo, mkati mwake n'mosalala, ndipo m'mbali anapindamo pang'ono kuti isacheke labala. Ikakhala ndi timabowo todutsa mbali zonse, oti mukhoza kuonera kuwala, ndi ya mtundu wa ku America kapena yotsika mtengo ya masiku ano. Imeneyo si ya Benz yanu, ndiponso labala imatumphukira m'timabowomo n'kuyamba kung'ambika. Mayina amene mudzakumana nawo kawirikawiri pa magalimoto a ku Germany a zaka zimenezo ndi Norma ndi Gemi. Pambali pa dzina pamakhala manambala awiri osonyeza kukula, monga 12-20, kutanthauza kuti imagwira payipi ya mamilimita 12 mpaka 20. Mukaona mawu oti W. Germany, ndiye kuti inapangidwa dzikolo lisanagwirizane mu 1990, ndipo umenewo ndi umboni wabwino wa msinkhu. Kusowa kwa mawuwa pakokha si mlandu.

Palinso chilembo W chotsatana ndi nambala. W1 ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi zinki, W2 lamba wake sachita dzimbiri koma sikuluwu ndi yokutidwa, W4 yonse sichita dzimbiri. Kilampu yonyezimira ngati supuni yatsopano, imene maginito amangoigwira mwaulesi, ndi yabwino pantchito koma pagalimoto imene mukufuna ioneke ya 1982 imalankhula chinenero china. Mutu wa sikuluwu nawonso umaulula: ya ku Germany ya lamba wa mamilimita 9 imalowa soketi ya 7, pomwe za ku America mitu yake ndi ya mainchi, 1/4 kapena 5/16. Ndipo mukapeza yolembedwa Jubilee, ndi kilampu yolemekezeka ya ku Gillingham ku England, imene ingakhale pakwawo pa Rover kapena Jaguar. Kuno dzinalo tinalizolowera moti kilampu iliyonse timangoti jubili, koma pa Benz imeneyo ndi mlendo.

Payipi yakale musaitaye musanaiwerenge. Pamene kilampu inakhala zaka zambiri pamatsala mzere wozama pa labala. Yezani m'lifupi mwa mzerewo ndi vernier, kachipangizo koyezera mamilimita. Ukakhala mamilimita 9 ndipo mkati mwake n'mosalala, kilampu yoyamba inali ya lamba wa 9 wosabooka. Mukaona mizere iwiri yopingasana, wozama ndi wakale, wosazamawo ndi wa makaniko wapambuyo pake. Nthawi zina mzerewo umasonyezanso kumene mutu wa sikuluwu unaloza, choncho jambulani ndi foni kuti pomanga mudzaulozetse komweko. Payipi yobwezayi mkati mwake imakhala mamilimita 9.5, khoma lake pafupifupi 3, ndiye kunja imafika cha m'ma 15.5. Kilampu ya 20-32 imene mchira wake ukulendewera panja siinali ya pamenepo, ndipo siifinya mofanana mbali zonse.

Mabawuti ndiwo osavuta kugwira bodza, makamaka muno mu Harare momwe magalimoto a ku Japan adzaza paliponse ndipo makaniko aliyense ali ndi ndowa ya mabawuti ake. Bawuti ya M8, kutanthauza yonenepa mamilimita 8, ya muyeso wa ku Germany mutu wake ndi wa sipanala 13. Ya ku Japan ya M8 yomweyo ndi ya sipanala 12. Pa M10, ya ku Germany ya nthawi imeneyo ndi 17, ya ku Japan ndi 14, ndipo zatsopano za muyeso wa padziko lonse wa ISO ndi 16. Choncho ngati pa bakete ya pampu mwamasula bawuti ndi sipanala 12 kapena 14, musavutike kuifufuza. Pa M6 njira imeneyi sithandiza chifukwa onse amagwiritsa 10, ndiye yang'anani pamutu. Ya ku Germany imalembedwa mphamvu yake, monga 8.8, pamodzi ndi dzina kapena chizindikiro cha opanga, ngati Kamax, Verbus kapena Ribe. Ya ku Japan nthawi zambiri imangokhala ndi nambala imodzi, 4 kapena 7. Mutu wokhala ndi timizere titatu totuluka pakati ndi wa mainchi, ndipo mwina unawononga kale mazinga a dzenje limene unakakamizidwamo.

Mtundu wa zokutira zake muuyang'ane pansi pa mutu ndi pansi pa washa, kumene dzuwa ndi madzi sizinafike. Zitsulo zambiri zazing'ono za m'chipinda cha injini zinali zachikasu chothwanima ngati utawaleza, zina zotuwa, zina zakuda. Chimene mwapeza pobisikapo ndicho mutengere kwa okutira zitsulo, osati kungoti zonse zikhale zagolide. Chikasu cha kale chinkachokera ku mankhwala a chromium amene ku Ulaya anawaletsa pa magalimoto atsopano mu 2007, n'chifukwa chake zokutira zamakono zimaoneka zofuwa pang'ono. Musaviike zimenezi mu viniga, amadya zinki yonse. Musazipale ndi gilainda kapena kuziwotcha, chifukwa zina zakale zinkakutidwa ndi cadmium amene fumbi ndi utsi wake n'zapoizoni. Ndipo bawuti ya 10.9 kapena kachitsulo ka sipuling'i zikakutidwa mwatsopano ziyenera kuphikidwa mu uvuni maola angapo pa kutentha kwa cha m'ma 200, apo ayi zimathyoka zokha patapita masiku.

Tsopano nsonga za payipi yamphamvu, pamene pamaonongekera ndalama zambiri. Za Benz mazinga ake ndi a mamilimita (metric) a mano oyandikana, a mtundu wa M14x1.5 ndi M16x1.5. Vuto n'lakuti pali mazinga a mainchi ofanana nawo kwambiri. 5/8-18 ndi mamilimita 15.9 ndipo mano ake atalikirana 1.41, pomwe M16x1.5 ndi 16 ndi 1.5. Chimodzimodzi 9/16-18 ndi M14x1.5. Nati yolakwika imalowa bwinobwino kawiri kapena katatu, kenako n'kuuma, ndipo amene akuganiza kuti ndi dzimbiri amawonjezera mphamvu mpaka mazinga a pampu kapena a bokosi atha. Gulani kachipeso koyezera mazinga, n'kotchipa kuposa bokosi la chiwongolero. Nati yoyenera imalowa ndi zala mpaka pafupi ndi pomalizira. Yang'ananinso mlomo wa nsongayo, chifukwa chimene chimatseka mafuta si mazinga koma kupendeka kwa mlomowo. Miyeso ya milomoyi ilipo ingapo: wa JIC ndi madigiri 37, ya magalimoto a ku America ndi 45, BSP ndi 60, ndipo ya DIN ya hydraulic ndi 24. Ziwiri zosiyana zikakumana zimadontha ngakhale mutamanga mpaka thukuta, ndipo tepi yoyera ya mapulambala sichiza kanthu pamenepa, imangoduka n'kukatseka valavu ya pampu.



Pafunso lanu lachiwiri, yankho lathu n'lakuti labala ya 1982 isabwerere pagalimoto, ngakhale ikhale ndi nambala yokongola bwanji. Payipi yamphamvu ikaphulika, mafuta amapopera pa ekizozi yotentha, ndipo chiwongolero chimalemera mwadzidzidzi muli pakati pa msewu wa Samora Machel. Chimene mukusunga ndi chitsulo. Okonza mapayipi a ku Graniteside, Southerton kapena Msasa angathe kudula chofinyira chakale, kusunga timapayipi tachitsulo topindika ndi manati ake, n'kufinyirapo labala yatsopano. Koma muwauze momveka kuti mukufuna payipi ya power steering, ya muyeso wa SAE J188 kumbali yamphamvu ndi J189 kumbali yobweza. Ntchito yawo yatsiku ndi tsiku ndi mathirakitala ndi makina a m'migodi, kumene payipi imakhala ndi waya mkati ndipo siifufuma. Ya galimoto imalukidwa ndi ulusi kuti izifufuma pang'ono n'kumeza kugunda kwa pampu. Mukaikapo ya waya, pampu imalira ndipo kunjenjemera kumafika m'manja. Ngati mkati mwa yakaleyo muli kachitsulo kochepetsa njira ya mafuta, kabwerere pamalo pake. Musanadule, lembani mzere ndi choko kuchoka nsonga ina kufika inzake, chifukwa nsonga zikafinyidwa zitatembenuka pang'ono payipi imalowa mopotoka n'kuyamba kukhuza. Payipi ya petulo kumbali yobweza ayi, mafuta otentha amaifewetsa.

Mawasha a mkuwa kapena aluminiyamu, paliponse pamene pali bawuti yobooka pakati, aikeni atsopano, awiri pa bawuti iliyonse. Akaphwanyika kamodzi amauma, ndipo palibe amene adzakudzudzuleni chifukwa cha washa watsopano. M'buku la masipeya a Mercedes mudzawapeza ndi nambala yoyamba ndi N 007603, pakuti tizitsulo ta muyeso wamba timayamba ndi N, pomwe zopangira W123 yokha zimakhala ndi 123 kutsogolo.

Buku limenelo mulitsegule ndi nambala ya chasisi yanu, imene pa 280E imayamba ndi 123.033. Pali misampha iwiri. Woyamba, galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, ndiye payipi yamphamvu yogulidwa ku Germany kapena ku America ya chiwongolero chakumanzere siidzafika. Wachiwiri, ma W123 ambiri a kuno kummwera anamangidwa ku East London ku South Africa, kumene malamulo ankafuna kuti zina mwa zipangizo zikhale zopangidwa m'dzikomo. Ngati yanu ndi ya kumeneko, kachitsulo kosiyana ndi zithunzi za kwawo kwa Benz ku Stuttgart, ku Germany, musakaweruze msanga. Kafananizeni ndi zinzake za malo ovuta kufika, monga kuseri kwa injini ndi pansi pa dashibodi, kumene makaniko waulesi sanalowetseko dzanja. Mukapeza dzina lomwelo pa makilampu anayi kapena asanu obisika, limenelo ndilo la fakitale yanu. Pofuna zosowa, fufuzani W123 yophwasulidwa ya chaka choyandikira, mumasule nokha, mutenge bakete, labala yake ndi bawuti yake pamodzi.

Pomanga, manati a nsonga agwireni ndi sipanala yotseka mbali zisanu ija ya mapayipi a mabuleki, osati shifiting'i. Makilampu a lamba wa 9 safuna mphamvu, pafupifupi 3 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu yakwana, labala ingoyamba kutupa m'mbali. Sinthani fyuluta imene ili m'thanki ya pampu, gulani malita awiri a ATF, mafuta a giya ya otomatiki, kwezani matayala akutsogolo, ndipo injini ili yozima khotetsani chiwongolero uku ndi uku kakhumi ndi kasanu mukuwonjezera mafuta. Mukaliza injini musagwire chiwongolero kumapeto kupitirira masekondi asanu. Mafuta akachita thovu ngati thobwa, mpweya ukulowa kumbali yobweza, ndiye bwererani pa makilampu aja.