Funsani Akulu: Madzi a m'thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere angoti mbuu, nditani?

FUNSO

Akulu, ine ndimagwira ntchito pa loji ina kuno ku Zomba cha kunjira yokwera kuphiri, ntchito yanga kwenikweni ndi ya pa resepishoni koma abwana atagula thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere ku Johannesburg anangoti iwe ndi amene uziyang'anira, basi. Ndi ya malita 300, muli ti clownfish tiwiri, kansomba kena kachikasu, nkhono zingapo, miyala ija amati live rock ndi makorali ofewa (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati zomera). Poyamba madzi anali mbee koma pano patha milungu ingapo angoti mbuu ngati madzi otsukira mpunga, ukaima mbali ino sungaone mbali inayo. Ndayesa zonse, ndimachotsa theka la madzi nkuthira atsopano, mawa lake amaoneka bwinoko koma mkuja abwereranso, masiponji a mu fyuluta ndimachapa pampopi tsiku ndi tsiku mpaka ayere, chakudya ndimapatsa m'mawa, masana ndi madzulo komanso alendo amakonda kuponyamo. Madzi ndimatunga pampopi nkusakaniza ndi mchere wa m'chidebe umene anabwera nawo. Mnzanga wina akuti ndithiremo mankhwala oyeretsera madzi akumwa aja, wina akuti ndikatunge ku Chilwa poti nawonso ndi amchere. Abwana akubwera kumapeto a mwezi, chonde ndithandizeni ntchito ingandithere.

Wodandaula, Zomba

YANKHO

Achimwene, anzanu awiriwo muwathokoze koma musawamvere. Mankhwala oyeretsera madzi akumwa ndi kolorini, mukathira mmenemo madzi adzayeradi koma nsomba, nkhono ndi makorali zonse mukataya kudzala. Za ku Chilwa nazonso ayi, madzi ake ali ndi kamchere inde chifukwa nyanjayo ilibe mtsinje wotulukira, koma ndi kochepa kwambiri komanso kamtundu wina, nchifukwa chake mumakhala matemba, makumba ndi milamba. Madzi a m'nyanja yaikulu ya mchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere mu lita imodzi, ndipo makorali amafuna omwewo.

Musanachite china chilichonse tengani tambula yagalasi yoyera bwino, tungani madzi a m'thankimo, muyiike pa pepala loyera muyisiye. Akayera okha pa mphindi zochepa ndiye kuti kanali kathovu chabe, pampu ikuyamwa mpweya penapake kapena skimmer, kamakina kochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, ikulavulira thovu m'thanki. Mukapeza fumbi lakhazikika pansi pakatha maola angapo ndiye kuti ndi mchenga ukuvunduka, kaya sunatsukidwe bwino pouika kaya pampu yaloza pansi. Akaoneka obiriwira ndi tindere tating'onoting'ono toyandama, nthawi zambiri thanki ikakhala pafupi ndi windo lolowa dzuwa. Koma akakhala mbuu choncho mpaka mawa, osakhazikika osayera, amenewo ndi mabakiteriya, ndipo mmene mwafotokozeramu ine ndikubetcha kuti anu ndi amenewa.

Apa ndiye mumvetsetse chifukwa vuto lanu lonse lagona pamenepa. M'thanki mumakhala mabakiteriya amitundu iwiri. Ena ndi aja amakhala phee pamiyala, mumchenga ndi m'masiponji, ntchito yawo nkusandutsa amoniya, poizoni wochokera ku ndowe za nsomba, kukhala nitrite kenako nitrate amene si woopsa kwambiri, amenewa ndi abale anu koma amaswana mochedwa, kuti achuluke kawiri pamatenga pafupifupi tsiku lathunthu kapena kuposa, nchifukwa chake thanki yatsopano imafuna milungu 4 mpaka 6 kuti ikhazikike. Ena ndi oyandama m'madzi, amadya zotsala ndi zowola zonse, ndipo chakudya chikakhalapo chambiri amatha kuchuluka kawiri ola limodzi lisanathe. Ndiye taonani zomwe mukuchita inuyo. Mukachotsa theka la madzi mwachotsa theka la oyandamawo, iwo nkungoswana kamodzi basi abwerera pomwe anali. Mukachapa masiponji pampopi kolorini akupha abale anu aja, omwe kuti abwerere ndi nkhani ya masiku. Uku chakudya chikugwa katatu patsiku kuphatikiza cha alendo. Khama muli nalo ndithu, kungoti lonse likupindulira mbali yolakwika.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine si maonekedwe a madziwo ayi, ndi mpweya. Mabakiteriya oyandamawa amapuma okosijeni yemweyo amene nsomba zikufuna, madzi amchere amasunga okosijeni wochepa kale kusiyana ndi madzi wamba, akatentha amasunga wocheperanso, ndiye magetsi akangozima usiku mapampu nkuima, mbandakucha mumapeza nsomba zili pamwamba wefuwefu kapena zagona kale chammbali. Choncho lero lomwe lozetsani pampu imodzi kumwamba kuti madzi azigwedezeka pamwamba, chivundikiro chitseguleni pang'ono, skimmer iziyenda usana ndi usiku ndipo kakapu kake muzikhuthula pafupipafupi poti masiku ano kazidzadza msanga. Pezani kapampu kampweya koyendera mabatire mukasunge pompo. Ngati pa lojipo pali inveta kapena sola, auzeni abwana pa foni kuti pampu yoyendetsa madzi ilumikizidwe kumeneko, magetsi owala a thankiyo atha kudikira koma pampu ayi.

Kenako werengani nkhono zanu. Imodzi ikafera kuseri kwa mwala ndi yokwanira kudyetsa mabakiteriya masiku angapo, mukaikayikira itulutseni muinunkhize, yakufa simungafunse kawiri. Yang'ananinso pansi pa miyala ndi m'makona ngati mwaunjikana chakudya chowola, chikokeni ndi kapaipi.

Chakudya siyani kaye masiku awiri, nsomba zathanzi sizifa ndi zimenezo. Mukayambiranso ndi kamodzi patsiku, kochepa koti zimalize pa mphindi ziwiri. Botolo la chakudya lichoke pa kauntala lilowe mu diloo, alendo aziona ndi maso. Ndipo poti thanki ili pa resepishoni, samalani ndi zopopera zonunkhiritsa m'chipinda, sanitaiza wa m'manja ndi mafuta odzola, musamapise mkono m'madzi musanautsuke ndi madzi okhaokha. Mankhwala opopera udzudzu ndiye oopsa zedi, amapha nsomba ngakhale atalowa pang'ono chabe, anzanu okonza m'zipinda muwauze asamapopere pafupi.

Masiponji muzitsukira m'madzi amene mwachotsa m'thanki momwemo, kungofinya pang'ono kuti matope achoke, kamodzi pa sabata, asamachite kuyera. Kusintha theka la madzi kuja lekani, malita 30 pa sabata akwana pa thanki yanuyo.

Madzi apampopi nawo tikambe. A kuno ochokera ku damu la Mulunguzi ndi abwino kumwa, koma abwino kwa munthu si abwino kwa korali. Muli kolorini, mumathanso kukhala phosphate ndi silicate zomwe ndi chakudya cha ndere, ndipo akadutsa mu giza kapena mapaipi a kopa amatengako kopa amene nkhono ndi makorali sizipirira nkomwe. Osunga makorali amagwiritsa ntchito kamakina kosefera kotchedwa RO/DI, kamatulutsa madzi oti mukayeza ndi kamita ka TDS koyezera zosungunuka m'madzi kamawerenga 0. Funsani abwana, mwina kanabwera limodzi ndi thanki kali m'katoni ku stoo. Ngati kulibe abwere nako. Pakadali pano musatunge ku mpopi wa madzi otentha, ndipo muzithira mankhwala ochotsa kolorini aja amagulitsa kwa osunga nsomba musanasakanize mchere. Amvula ochokera padenga la malata musayerekeze.

China chomwe ambiri amaphonya, madzi akamaphwera m'thanki ndi kutentha mchere suuluka nawo, umatsala, ndiye pobwezeretsa mumathira madzi opanda mchere. Kachida koyezera mchere kaziwerenga 1.025 kapena 1.026, kutentha kukhale madigiri 24 mpaka 26. Mu Okutobala muzilozetsa fani pamwamba pa madzi, mu Juni ndi kuzizira kwa mphepete mwa phiri kuno hita isazime.

Mukachita zimenezi nkusiya thankiyo ipume, kawirikawiri madzi amayera okha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Mukafuna zachangu pali nyali ya UV, madzi amadutsa m'kati mwake pang'onopang'ono nkupha zoyandama zonse, mabakiteriya ndi tindere tobiriwira tomwe, pa masiku ochepa madzi ali mbee. Imagwiradi ntchito, koma ngati chakudya chikugwabe katatu patsiku mukadzangoizimitsa mbuu uja abweranso. Muyezenso amoniya ndi nitrite ngati tizida toyezera tilipo, zonse ziwiri zikhale 0, zikakwera pokhapo ndi pomwe mungasinthe madzi ochulukirapo. Nsomba yatsopano musaonjezere ngakhale imodzi mpaka zonse zitakhazikika.

Abwana anuwo muwauze zoona zake asanafike, ndi mndandanda wa zoti agule. Ndipo ngati sakufuna kuwonongera pa inveta ndi RO/DI, kunena mosapsatira thanki imeneyo ikanakhala bwino ndi mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi, zomwe azungu amalipira ndalama zambiri kuti aziweta kwawo, sizifuna mchere wa ku Johannesburg ndipo alendo angazikondenso. Kungoti musadzaziponye m'madzi amcherewo, sizingakhalemo.

FUNSO

Zikomo Akulu. Ine thanki yanga ndi yaing'ono, ya malita 100, ndinabwera nayo pochokera kunja. Vuto ndi loti ndikathira mankhwala okweza alkalinity (mphamvu ya madzi yochepetsa asidi) ndi calcium madzi amachita mbuu nthawi yomweyo, ndipo pa hita ndi m'mapampu mwamata zoyera zolimba. Nthawi zina ngakhale m'ndowa yosakanizira mchere zimachitika. Kodi mchere wanga ndi wofeka?

Mayi wa ku Kalimbuka

YANKHO

Kuteroko ku Zomba kuno mulipo angapo eti. Mayi, mchere wanu mwina ulibe mlandu. Zoyerazo ndi calcium carbonate, palani pang'ono mudonthezere viniga, zikachita thovu ndi zomwezo. Zimachitika calcium ndi alkalinity zikakumana zili zambiri malo amodzi, zimagwirana nkusanduka fumbi, ndiye inu mukayeza mumapeza zatsika nkuthiranso zina, vuto nkumakulirakulira. Musamathire ziwirizi nthawi imodzi, china m'mawa china madzulo, pang'onopang'ono pamalo pomwe madzi akuthamanga. Muyezenso magnesium chifukwa ndi amene amaletsa ziwirizi kugwirana msanga, akhale pakati pa 1250 ndi 1350 ppm, calcium 400 mpaka 450, alkalinity 8 kapena 9 dKH. Ngati muli ndi makorali ofewa okhaokha mwinanso mankhwalawo simukuwafuna nkomwe, kusintha malita 10 pa sabata kumabwezeretsa zokwanira.

Za m'ndowazo, yambani mwathira madzi onse kenako mchere pang'onopang'ono uku mukutakasa, osati kuyamba mchere nkuthirapo madzi pamwamba, ndipo madziwo asakhale otentha. Chidebe cha mchere muzitseka zolimba makamaka nthawi ya mvula, ukalowa chinyezi nkuuma gwa susungunukanso bwino. Mapampu ndi hita zivikeni m'viniga wosakaniza ndi madzi kwa maola angapo, mutsukuluze bwino musanazibwezere.