Gemu yapatsidwa 10 pa 10, kodi ndimugulire mwana?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wa zaka 12, yemwe ali Sitandade 7, amalume ake anamutumizira makina osewerera magemu a PlayStation 4 (PS4) kuchokera ku Joni, ndiye pano akulirira gemu ya GTA V mpaka wawaonetsa pa foni kuti anthu oyesa magemu anaipatsa 10 pa 10. Akufunsa ngati malikisi amenewo akutanthauza kuti ndi yoyenera mwana.

Mayi, mwanayo sakunama ayi, IGN, webusaiti yoyesa magemu, inaipatsadi 10 itangotuluka mu 2013 ndipo pa Metacritic, pomwe amasonkhanitsa malikisi a oyesa osiyanasiyana, ili pa 97 pa 100. Koma olemba ma review amenewo ndi anthu akuluakulu, amalembera akuluakulu anzawo, ndipo chomwe amayang'ana ndi choti zithunzi zikuoneka bwanji, nkhani yake ikukoma kapena ayi, galimoto ikumvera bwanji ukamakhota. Zoti mwana wa Sitandade 7 aone kapena asaone sizili m'mutu mwawo nkomwe. Mkati mwa gemu imeneyo muli kuwomberana, kutukwana kosalekeza, mankhwala ozunguza bongo, akazi ovina ali mbulanda, komanso pali gawo lina lomwe wosewerayo ndi amene amazunza munthu womangidwa pampando mpaka kumuzula dzino ndi pulayazi, ndiye tangoganizani kuti manja ogwira controller pamenepo ndi a mwana wanu.

Musanawerenge review iliyonse yang'anani kaye pakona ya bokosi. Ngati ndi ya ku Ulaya muona chizindikiro cha PEGI, bungwe loika malire a zaka pa magemu, ndi nambala ya zaka, 3, 7, 12, 16 kapena 18, ngati ndi ya ku America muona chilembo cha ESRB, bungwe lotere lakumeneko, E ndi ya aliyense, T ya zaka 13 kupita mmwamba, M ya zaka 17. GTA V ndi PEGI 18 komanso M. Nambalayo sikuti ikunena kuvuta kwa gemu, makolo ambiri amasokoneza pamenepa nkumati mwana wanga ndi wanzeru aikwanitsa, iyo ikunena zomwe zili mkatimo.

Komabe nambala nayo ili ndi polekezera, ndipo apa ndi pomwe ine ndimada nkhawa kwambiri. Gemu ya mpira ija ya FIFA, yomwe kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, FC 24 inatuluka ili PEGI 3, yoyera bwinobwino, koma mu gawo lake la Ultimate Team, momwe umapanga timu yakoyako, mwana amagula ma pack a osewera ndi ndalama zenizeni osadziwa kuti mutuluka osewera uti, akapanda kupeza Mbappé amafuna kuyesanso, nkuyesanso. Dziko la Belgium mu 2018 linanena kuti zoterezi ndi juga. Chinanso a ESRB okhawo amanena kuti zomwe anthu amalankhulana pa intaneti iwo saziyeza, ndiye gemu itha kukhala ya ana koma amene akucheza naye pa chat ndi bambo wa zaka 40 yemwe simukumudziwa.

Ma review olembedwera makolo aliko, webusaiti ya Common Sense Media ndi imodzi, amalongosola za chiwawa, mawu otukwana ndi zogulagula mkati mwa gemu, kungoti amayeza ndi maso a ku America ndiye zina zomwe iwo amati nzazing'ono pakhomo panu simungazilole. Ine ndimawauza makolo kuti gulani bandulo, lembani dzina la gemuyo pa YouTube muonjezere mawu oti gameplay, muonere mphindi 15 nokha komanso mudumphire pakati pa vidiyo, osangoona koyambirira.

Pa GTA V yankho langa ndi ayi, ndipo muwauzenso amalume akewo asabwere nayo pa Khirisimasi. Mugulireni ya mpira kapena Minecraft, mulowe mu Family Management, gawo la makolo pa PS4, mutseke chat, ndalama zogulira muike pa 0, ndipo muikenso maola osewera popeza chaka chamawa akulemba PSLCE. Makinawo akhale pabalaza pomwe mumadutsa, osati kuchipinda kwake.